Pulasitala pa Dzina la Mlembi

Lolemba, 8 Juni 1992

Ophunzira anga afika, atatu: Petulo, Rafaelo ndi Anastazia. Onse ndi madokotala kale, koma awatumiza kuchipatala chathu kuno kumapiri kwa milungu isanu ndi umodzi kuti ndiwaphunzitse kuwerenga mapepala a kafukufuku ndi diso lokayika. Chisanu cha Dedza chawalonjera kale. Rafaelo wavala majuzi awiri.

Ndawapatsa pepala la ku Ulaya lonena za mankhwala a njoka za m'mimba. Anayesa pa anthu 14 okha basi, n'kulengeza kuti mankhwalawo ndi odabwitsa. Ndafunsa kuti chalakwika n'chiyani. Onse maso papepala. Kenako Petulo akuti, "Lalembedwa bwino kwambiri, a Dokotala." Rafaelo wayamba wasuzumira kukhomo, n'kufunsa chapansipansi ngati zokamba zathu zilembedwe penapake.

Sindikuwadzudzula. Tonse takula tikudziwa kuti chochokera kwa akuluakulu umangochiombera m'manja, kadi ya chipani ili m'thumba. Koma ineyo zanditopetsa.

Lachiwiri, 9 Juni

Nzeru yandibwerera ndikumeta ndevu. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndiye ndachotsa mkhatewo. Ndatenga pulasitala wa pabala n'kumata pa dzina la mlembi ndi dziko lake, pepala lililonse. Abale inu! Petulo wa dzulo uja lero akuti, "Kodi munthu ameneyu anapitako kusukulu?" Akunenatu pulofesa wa imvi zake. Sindinamuuze.

Pabolodi ndalemba mafunso anga atatu. Anayesa anthu angati? Anawayerekeza ndi ayani? Amene sanabwerenso ali kuti? Anastazia wangokopera m'kope mwake. Mwa atatuwa ndiye yekha wa kuno, wa ku Kasina, ndipo mawu ake amaumira ngati mbewu ya kachewere.

Lachinayi, 11 Juni

Rafaelo watsutsa ndi kapepala ka m'bokosi la mankhwala a chifuwa komwe. Ndaputa mavu.

Lachisanu, 12 Juni

Matama andigwetsa lero, ndivomere.

Ndinalowetsa pepala langa pakati pa enawo, pulasitala ali pa dzina. Ndimafuna aone mmene pepala lopanda chilema limakhalira. Ndi lija ndavutikira madzinja awiri: ana 120 odwala malungo, tinawapatsa kolorokwini, n'kuuza amayi awo kuti abwere nawonso pakatha milungu iwiri. Mfundo yake njakuti kuno kumapiri kolorokwini akugwirabe ntchito, asatisinthire mankhwala. Lachitatu likupita ku Unduna ku Lilongwe, ndipo kumeneko mawu anga amawamvera.

Anyamata awiriwa angotola tinyenyeswa, ine ndikumwetulira chamumtima. Kenako Anastazia wakweza pensulo. Akuti patsamba lachitatu anabweranso ndi ana 91 okha, ndipo 29 otsalawo mlembi wawawerenga ngati ochira. Ndamuyankha mokoma kuti mlembiyo wafotokoza kale: mayi sangayende mtunda wonsewo, kukwera zitunda, ndi mwana woti wachira.

Iye akuti, "Pepani a Dokotala, mlembiyu sadziwa zakumudzi. Kwathu mwana akapanda kuchira sitibwerera naye kumene kwalephereka. Timapita kuchipatala cha masisitere kapena kwa asing'anga. Akamwalira ndiye tikatani kuchipatala?"

Sadziwa zakumudzi, ine! Wobadwira kuseri kwa phiri lomweli! Mtima unapsa, ndinangoti nthawi yatha. Kunali kutatsala mphindi makumi awiri.

Lamulungu, 14 Juni

Misa sindinaimve. Ndimangokumbukira amayi. Mlongo wanga atadwala tili ana, anamutengera kuchipatala kamodzi, kachiwiri ananyamuka naye ulendo wa kwa asing'anga. Ndinalipo, ndinanyamula nkhuku ndine. Nanga ndinaiwala bwanji polemba?

Masana ndayenda m'mitengo ya paini kufunafuna yankho loti ndikamugonjetse nalo mtsikanayu. Ndabwerako ndi chimfine chokha.

Lolemba, 15 Juni

Anastazia wabwera kuofesi m'mawa, waima pakhomo manja kumbuyo. Akuti wabwera kudzapepesa. Anadziwa kuti pepala lija ndi langa atangoona mayina a midzi. Ndamufunsa kuti nanga analankhuliranji. Akuti, "Munamata pulasitala, ndiye ndinati mwina mukufuna kumva. Mukanapanda kumata sindikanayerekeza." Kenako wafunsa ngati zimenezi zilowe mu lipoti lake la kumapeto kwa maphunziro, poti wolisayina ndine.

Manyazi anandigwira mpaka m'makutu. Ndimaseka Rafaelo kuti amasuzumira kukhomo, osadziwa kuti woopedwa m'kalasi muja ndine.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndatulutsa kaundula wa odwala, takopera mayina 29 aja ndi midzi yawo. Mawa tipita limodzi. Anawo akapezeka onse akusewera, iye adzandigulira tiyi mwezi wathunthu, ndamuuza. Waseka koyamba chibwerereni.

Lachiwiri, 16 Juni

Galimoto ya chipatala inatisiya pamlatho, kwinako wapansi. Chifunga mpaka cha m'ma teni. Anastazia amakwera zitunda ngati mbuzi, ine wefuwefu kumbuyo, iye n'kumaima dala ngati akumanga nsapato.

Tapeza makomo 12 okha. Ana asanu anachiradi, mmodzi mpaka anatithawa poopa jakisoni. Tiyi wanga ndinayamba kumumva fungo. Kenako anayi: malungo anabwerera, anakawapatsa kwinini kwa masisitere. Atatu kulibe.

Womaliza tinapeza mayi ake akukumba kachewere kudimba. Anastazia anagwada, malonje, n'kufunsa za mwana wawo Timoteyo. Mayiwo anaimika khasu n'kuloza ndi chibwano kumsitu wa kumanda. Akuti anawasiya mu Febuluwale, patatha masiku khumi chichokereni kuchipatala kwathu. Thupi linazizirako masiku atatu, kenako linatenthanso. Anandizindikira. "Ndinu adokotala aja. Munayesetsa, bambo." Ndipo anatitapira kachewere wodzaza chipewa changa, kukana kunakanika.

M'pepala langa Timoteyo ndi nambala 47, wochira.

Kachewereyo ndamusiya pakhonde, sindikufuna kumuona.

Lachitatu, 17 Juni

Dalaivala wa ku Lilongwe anagogoda cha m'ma eyiti kufuna envulopu ya ku Unduna. Ndamuuza kuti lero kulibe. Akuti akakamufunsa kumeneko akanene chiyani? Ndati akanene kuti kwatsala makomo 17.

M'kalasi ndaika pepala lija patebulo n'kumatula pulasitala onse akuona. Wachoka ndi kachikopa ka pepala, koma dzina langa likuwerengeka bwinobwino. Zangobwerera ngati tsiku loyamba lija. Rafaelo maso kukhomo. Petulo wakonza kukhosi, akuti, "Komatu kunena zoona, a Dokotala, lalembedwa bwi..." Ndangomuyang'ana, mawu n'kuthera pomwepo.

Ndakhala pansi, pabenchi pawo, n'kufunsa kuti ayambe ndani.

Anastazia wakweza pensulo.

"Tsamba lachitatu, a Dokotala."

Ndatsegula tsamba lachitatu.