Besi ya Bambo Ako Yamveka

Wokondedwa mwana wanga Limbani,

Ndikhulupirira kuti iwe ndi mpongozi wanga mukudzuka bwino ku Joniko. Kuno tili bwino, miyendo yokha ndiyo ikuvuta. Fodya wauma m'chigafa.

Chitisiyireni bambo ako, galimoto yawo yakale ija inangoti zii. Loweruka ndinapita nayo ku Kaluluma kuti a Nyirenda, okonza mawailesi aja, aikemo masipika atsopano ndi wailesi ina yolandirabe makaseti. Mtima unali m'mwamba, chifukwa kaseti ya kwaya yathu inakanirira m'wailesi yakale, ndipo ina palibe.

"A Nyirenda, ikaduka imeneyi ndigona pakhomo panu pano," ndinatero.

"Ndiye ndiyaliretu mphasa, mayi," anayankha akuseka. Koma anaitulutsa mosamala ngati akuzula munga m'phazi la mwana.

Ukukumbukira mmene tinkawasekera bambo ako? Ankati anaimba besi m'kaseti imeneyo, ife n'kumati mwina ankangoyasamula, pakuti masipika ong'ambika aja ankatulutsa mawu a azimayi okhaokha. Atalumikiza atsopanowo, chitseko chinanjenjemera. Pansi pa mawu athu tonse panamveka liwu lawo lalikulu lija, likutsogolako pang'ono monga ankachitira tikamapita kutchalitchi. Ndinalira uku ndikuseka. Zaka zonsezi ankanena zoona.

Pobwerera ndinayendetsa pang'onopang'ono kuti nyimbo ithe ndisanafike.

Undifunire njira yosungira nyimboyi mufoni, kasetiyi yakalamba. Ukadzabwera udzakhale m'galimotomo uwapepese wekha. Ine ndapepesa kale.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mayi ako,
Nachisale