Ine ndi Esinati Sitili Amodzi

Okondedwa achemwali,

Esinati, mwana wa azakhali uja, wandipweteka. Koma ndiyambe ndi moni. Muli bwanji kumeneko, nanga mwendo wa amayi? Ine thupi lili bwino, mtima ndiye ayi.

Esinati anakauza madamu amene ndimawagwirira ntchito ya m'nyumba kuti ndikufunafuna ntchito ina ku Hor Al Anz, dera lina la mzinda wachilendo uno. Madamu anangoti khalas, kutanthauza kuti basi zatha, Lamlungu sindidzatulukanso pageti. Tchuthi choti ndidzamuone mwana wanga Chisomo achichotsanso.

Mayi Kamala, amwenye ophika muno, anandipeza ndikulira kukhitchini. Anatenga botolo lopanda kanthu n'kunena kuti, "Mpweya uli umu ndi womwewo uli panja. Iwe weniweni si thupi lovala yunifolomuli ayi. Kwathu timati atimani, ndipo palibe geti lomutsekera. Ukazindikira zimenezo wamasuka, sudzabadwanso kudzavutika."

Ndinamvetsera ndithu, mtima unayamba kukhala pansi. Kenako anawonjezera kuti atimani ali mwa ineyo ndi yemweyo ali mwa madamu, ndi yemweyonso ali mwa Esinati.

Ndinati, "Mayi, ine ndi njoka ija tikhale chinthu chimodzi? Ngati kumasuka kwake n'kumeneko, ndisiyeni m'botolo mwangamo. Ndibadwenso, ndidzakolopenso nyumba za eni."

Anangopukusa mutu n'kubwerera ku anyezi wawo.

Mumuuze Chisomo kuti chaka chino asandidikire. Za chaka chamawa musamulonjeze, inenso sindikudziwa. Azakhali musawauze kanthu, angoikira kumbuyo mwana wawo. Mulungu akusungeni nonse. Za Esinati ndalemba kamodzi kano, sindidzazitchulanso.

Ndine mng'ono wanu,
Tadala