Foni ya asisi sigwedezeka

Lolemba, 2 Juni

Akuba alowanso. Sagwiritsa ntchito mafoni enieni ayi. Amapanga mafoni abodza mkati mwa kompyuta, ambirimbiri, n'kumaba nawo pa pulogalamu yathu yolipirira. Bwana ati ndipeze njira yowazindikirira mwezi usanathe, apo ayi kontirakiti yanga yathera pomwepo. Lendi nayo ili pakhomo. Mutu waima.

Lachinayi, 5 Juni

Ndaipeza! Foni ya munthu imagwedezeka m'thumba, m'manja, batire n'kumatsika. Yabodza imangoti duu, batire yodzaza mpaka kalekale. Ndalemba lamulo: foni yosagwedezeka, yosatsika batire, isalandire ndalama. Bwana andigwira chanza koyamba chibwerereni. Ati chinsinsichi chikangotuluka, nane ndituluka nacho. Ndagulira mwana nsapato.

Lachiwiri, 10 Juni

Asisi aimba foni. Pagolosale pawo pulogalamu ikukana kulandira ndalama, makasitomala akungobwerera pakhomo. Foni yawo batire inafa kalekale, imakhalira pachaja. Anaimata ndi tepi pakauntala kuopa akuba. Tepiyo ndinagula ndine! "Wapanga zimenezi ndi mfiti yeniyeni," atero. Ine ndangoti eee.

Lachitatu, 11 Juni

Ndapempha bwana tifewetse lamulo. "Chifukwa cha munthu mmodzi? Agule foni ina." Agula ndi chiyani, miyala? Sanakwezeko n'komwe maso. Sukulu ya makompyuta imeneyi anandilipirira ndi asisi omwewo, ndi shuga ndi sopo wa pagolosale pomwepo. Ndakwiya. Tiyi wandizizirira patebulo.

Lachisanu, 13 Juni

Ndalephera kupirira. Poweruka ndadzera kugolosale kwa asisi. Buledi wadzana akadali pashelefu, wauma gwa. Ndamatula tepi. Ndawauza kuti kasitomala asanalipire, aziinyamula foniyo n'kuigwedeza pang'ono. Yatheka nthawi yomweyo. Andiyang'ana nthawi yaitali, sanafunse kuti ndadziwa bwanji. Ndawachonderera asauze munthu. Alumbira pali malemu amayi.

Lachiwiri, 17 Juni

Asisi anangouza mayi wa saluni basi, ati naye inkamuvuta, akanamusiya bwanji. Wa saluni wauza wa nyama. Kani si asisi okha, mzere wonse wa mashopu uja mafoni ndi a pachaja. Lero onse akugwedeza ngati akuthira mchere. Wina wajambula vidiyo n'kuiponya pa intaneti, anthu akuseka. Akuba nawo ali ndi maso. Sindinadye.

Lachitatu, 18 Juni

M'mawa mafoni abodza ayambanso kudutsa. Onse akugwedezeka bwinobwino, kuposa a anthu. Muofesi palibe akundiyang'ana. Asisi atumiza uthenga: malonda ayenda, Mulungu akudalitse mlongo wanga.

Bwana aima pakhomo la ofesi yawo. Foni ili m'manja, akuigwedeza pang'onopang'ono, maso ali pa ine. Andikodola.