Atelala Anena Kuti Mulungu Akalola

Wokondedwa mwana wanga,

Landira moni m'dzina la Ambuye. Kaya muli bwanji kumeneko, iwe ndi mpongozi wanga ndi ana? Chifuwa cha kamtsikana kaja chinatha? Usamakalole kusewera ndi madzi m'mawa. Kuno ine ndilipo, miyendo yokhayi. Mlongo wako ali bwino. Bambo ako ndiye sali bwino.

Ukudziwa kuti chipinda chathu chinayang'anana ndi tchalitchi. Chiikireni chimkuzamawu pamwamba pa khomo, zonse za m'katimo zimafika mpaka pabedi. Lamulungu lililonse bambo ako amati nditsegule zenera, ndiwatsamiritse pa mapilo, ndiwaveke jekete lawo lija ngakhale sakupita kulikonse. Jeketelo tsopano lawakulira.

Pa ulaliki nthawi zina amawodzera, koma ikafika nthawi ya zolengeza amakhala tcheru. Paja ntchito imeneyi anayamba kuigwira iwe usanabadwe, ndipo chilichonse ankamaliza ndi mawu akuti Mulungu akalola. Kwaya ikumana Lachinayi, Mulungu akalola. Ngakhale kusesa pabwalo. Mpaka anthu anawapatsa dzina la a Akalola, lija linkakumenyanitsa ndi anzako kusukulu.

Chidwalireni iwo, akulengeza ndi atelala a pamsika. Atelala mawu amenewa sawanena. Amangoti denga likhomedwa mwezi wamawa, ukwati ulipo Loweruka, basi. Bambo ako amamalizitsa okha ali pabedi. Akuti tisawadzudzule atelala, anazolowera kuuza anthu kuti diresi litha mawa ndithu.

Utaimba foni kuti ubwera mwezi wathawu, ine ndi chimwemwe ndinakawauza atelalawo. Analengeza kuti mwana wa a Akalola afika Loweruka, anthu n'kuomba m'manja. Ndinachapa makatani, ndinakonza chipinda chako. Tsikulo ndinakhala pakhonde mpaka basi yomaliza inadutsa. Ndinkangoganiza za ngozi, kufikira uthenga wako unabwera woti akukaniza tchuthi. Bambo ako sanadandaule. Anangoti abwana ako ali ndi mawu, koma pamwamba pa abwana palinso wina.

Tsopano imva chimene ndakulembera. Lachisanu adokotala anatibweza kuchipatala ndi mankhwala ochepetsa ululu okha. Anati tikawasamalire kunyumba. Nditafunsa tsiku lobwereranso, anangoyang'ana mlongo wako. Loweruka atelala anabwera kudzawaona. Sanakhalitse, ndipo potuluka anaiwala chipewa pampando.

Dzulo zolengeza zinayenda monga mwa masiku onse. Kumapeto atelala anati Lamulungu likudzali abusa ndi akulu a mpingo adzapereka mgonero kunyumba kwa a Akalola. Ndiye anati, Mulungu akalola.

Bambo ako anaseka mpaka kutsokomola. Anati atelala aphunzira, tsopano iwo angathe kupuma. Ine ndinathawira kukhitchini. Munthu amene amalonjeza madenga ndi maukwati osaphethira, waopa kulonjeza sabata imodzi ya bambo ako. Iyeyo waona zimene ine ndakhala ndikukana kuona.

Chakudya akungolawa. Mapazi atupa. Nthawi zina amaitana mlongo wako ndi dzina lako.

Ndawauza kuti ndikukulembera. Akuti ndikuuze kuti usataye ntchito chifukwa cha iwo, uli ndi ana. Ukabwera, Mulungu walola. Ukalephera, usadzadziimbe mlandu, ndiye kuti sanalole. Akunena zimenezi ndi mtima wokhazikika. Ine mtima umenewo ndilibe, mwana wanga. Ndikudziwa kuti mwini masiku ndi Mulungu, koma ndikuchita mantha. Kagwade kwa abwana ako, uwaonetse kalatayi. Mwinanso ikupeza mochedwa. Foni yako ikumangoitana, kodi ukudwala?

Ukapeza tsiku, undiuze ine ndekha. Kwa atelala sindipitanso. Chimene ndikuopa n'chakuti dzina la bambo ako lidzamvekanso pa chimkuzamawu, pabedi palibe womalizitsa.

Upereke moni kwa mpongozi wanga, ana uwapsompsone. Mlongo wako akuti moni, ngakhale wakukwiyira. Ambuye akusunge pantchito ndi panjira.

Jekete ndasita kale. Lamulungu ndidzatsegula zenera, Mulungu akalola.

Ndine,
Mayi ako