Tinasenza Mitondo Mpaka Kudepoti

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku Santhe tili bwino, ndipo mwendo wa amayi wapola.

Paja makuponi timalandira, koma kudepoti feteleza amatulukira khomo lakuseri kupita kwa mavenda. Tinatopa nazo. Lolemba, azimayi a gulu lathu la zisudzo tinasenza mitondo mpaka kudepoti. Tinkasinja chimanga pakhomo pomwepo, tikuimba zakubazo monga timaimbira mwamuna woledzera.

Kalaliki anatuluka akukalipa: "Ndiitana apolisi!"

Ndinati, "Aitaneni, bambo. Minsi yapadera ilipo, adzatithandize kusinja."

Tsiku lomwelo matumba a feteleza anatulukira khomo lakumaso.

Alamu anu akuti ndawachititsa manyazi. Achite! Lachisanu tikupita kudepoti ina.

Munditumizire nsapato zolimba. Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Nabanda