Tawina Wadwala ku Mexico

Bambo a Tawina,

Pepani, mupeza pakhomo palibe munthu. Ndathamangira ku Fremantle kwa Lucia, mnzanga wa kuntchito uja wolankhula Chisipanishi. Ndakuimbirani kangapo, koma ndikudziwa kuti mukakhala pa shifiti foni mumathimitsa.

Tawina ali m'chipatala ku Mexico. Mwaka, mnzake amene anapita naye kuholide, wandiimbira akulira. Akuti anatopa ndi zakudya za kuhotela, ndiye anafunsa woyendetsa takisi kumene eni tauniyo amadyera. Anawaperekeza pa kalesitilanti kena kuseri kwa msika wa nsomba, kufupi ndi nyanja, kodzaza anthu. Chakudya akuti chinali chokoma zedi, koma mu supu munali nkhanu, ndipo mukudziwa zimene nkhanu zimamuchita mwanayu. Milomo inatupa, anayamba kubanika, jakisoni wake uja atamusiya kuhotela.

Madokotala akulankhula Chisipanishi, ndiye Mwaka sakumvapo kanthu. Wangoti, "Anti, amuika mapaipi m'mphuno." Lucia wati ndipite tikaimbe foni kuchipatalako limodzi, azitimasulira. Galimoto ndaisiya, ndikwera sitima.

Mukafika, mukamutenge Benedict kusukulu, koma musamuuze kanthu za mchemwali wake. Amayi ku Lilongwe musawaimbire kaye, BP yawo mukuidziwa. Mundifufuzirenso pasipoti m'kabati, mwina ndiyenera kunyamuka.

Mwanayu kukonda zakudya watengera inu. Ndimukalipira ndithu, koma ndiyambe ndamva mawu ake. Pempherani, bambo, ine mawu akundithawa.

Ndine,
Mayi a Tawina