Ndinangoti Njinga

Lachinayi, pa 14 Ogasiti

Okondedwa akulu anga,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutani. Kuno tadzuka. Kalata yanu inafika pa 2, ndipo lero ndi tsiku la khumi ndi chiwiri ndisanayankhe. Inu mukundidziwa, kalata kwa ine sigona kawiri. Si matenda ayi. Aka n'kachinayi kuyamba kulemba, mapepala atatu ndang'amba.

Mwafunsa zinthu zitatu: ngati zithunzi za tsiku limene Mzime wanga analandira dipuloma zatuluka, ngati njinga munamutumizira ija ikadali bwino, ndiponso ngati mtsikana wa kuhotela uja anamuchotsa ntchito monga kuyenera. Zithunzi zatuluka 18, zinayi ndaika mu envelopu muno. Mafunso awiri enawo ayambe adikira, chifukwa nkhani imene ndinakuuzani pafoni ija, imene mwati mwafotokozerako amayi a kumpingo kwanu, inali yoperewera. Inaperewera mawu awiri.

Papita zaka zinayi ndi miyezi isanu chichitikireni ngozi ija. Mukudziwa mmene mwanayu walimbikira: ntchito masana, mabuku a zamalamulo madzulo, mwana wamng'ono pamwendo, zonsezo atakhala panjinga yake. Tsiku la mwambo litadziwika, ndinadzipereka ndekha kuti za malo ogona ndikonza ndine, popeza mzindawo uli kutali, maola asanu pagalimoto. Iye anandiuza ali kutsuka makapu.

"Amayi, muwauzetu za njinga yanga. Mufunse chipinda chapansi, cha zitseko zazikulu."

Ine ndinati, "Iwe ukundiphunzitsa kufunsa mafunso? Zaka 34 ndaima m'kalasi."

Ndinalemba mafunso khumi ndi limodzi m'kope langa labuluu, ndipo m'mawa mwake ndinaimba foni. Anayankha mtsikana wa mawu osangalala. Ndinafunsa za madzi otentha, nthawi ya kadzutsa, kabedi ka mdzukulu, poimika galimoto, mtunda wokafika ku holo, ndipo funso lililonse akayankha ndinkachonga. Nditafika pa lachisanu ndi chinayi ndinati, "Tibwera ndi njinga." Ndinalekera pomwepo.

Iye anati, "Palibe vuto, agogo. Njinga timalandira tsiku ndi tsiku. Kuseri kuli malo, alonda amayang'anira."

Akulu anga, makutu anga ndi abwino. Ndinamva kuti mwanayo akunena njinga yopalasa. Ndikanangowonjeza mawu awiri amene amatsatira njinga ikakhala ya munthu wosayenda, zonse zikanathera pomwepo. M'nyumbamo munalibe munthu wondimvera, ndipo mtsikanayo sankadziwa ngakhale nkhope yanga. Koma sindinawanene. Ndinati zikomo, ndinachonga, ndinapita pa funso lakhumi lokhudza simbi yositira. Mumtima ndinati tikafika akaona okha, hotela yanji yopanda zipinda zapansi.

Tinafika nthawi ili 3:40 masana, ine, Mzime, apongozi anga amuna a Mzime, ndi mdzukulu. Pakhomo panali kanjira kosalala ka simenti pambali pa masitepe, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Koma mtsikana wa pakauntala ataona Mzime akulowa akudzikankha, kumwetulira kunathawa. Chipinda chathu chinali nambala 27, m'mwamba. Chikepe mulibe m'nyumbamo. Pansi pali modyera, holo ya misonkhano, ndi chipinda chimodzi chokha, nambala 3, chimene anachimanga ndi zitseko zazikulu ndi zogwirira kubafa. Chimenecho anali atapatsa bambo wina wamalonda dzana lake, munthu wa miyendo yake iwiri, amene sankafuna kukweza makatoni. Anali atakhoma katundu wake m'katimo n'kupita ndi kiyi, wobwera Lolemba. Apongozi anaimbira mahotela ena asanu ndi awiri. Onse anali odzaza chifukwa cha mwambo womwewo.

Mtsikanayo anatsegula buku. "Ndinalemba apa, agogo. Alendo anayi, ali ndi njinga, isungidwe kwa alonda. Munangoti njinga."

Mzime anatembenuka n'kundiyang'ana. Ndipo ine, mng'ono wanu, ndinakweza mawu amene ndinkaimitsa nawo ana 70 m'kalasi.

"Iwe mwana, undiyang'ane bwino. Ine ndinganene theka la mawu? Ndinakuuza zonse. Unali kuseweretsa foni yako."

Manijala anatuluka mu ofesi. Anaona imvi, magalasi, ndi kope labuluu limene ndinakweza m'mwamba ndikunena kuti zonse ndinalemba. Sindinalitsegule, ndipo iye sanapemphe. Anapepesa kasanu, kenako anauza mtsikanayo kuti akaonane mu ofesi. Mwanayo anangoti, "Munangoti njinga, agogo," kachiwiri, motsitsa, ngati akudziuza yekha.

Manijala anaitana mlonda ndi wophika kuti athandize apongozi kunyamula. Mlondayo anali munthu wamtima wabwino koma wa pakamwa.

"Achimwene, inu gwirani kumutu, ine kumateyala. Tinakwezapo firiji pano, iyi ndi nkhani yaing'ono."

"Firijiyo inalibe makutu, bambo," anatero Mzime. "Ine ndili nawo. Mundifunse pogwira."

Wophika anaseka, mlonda anavula chipewa n'kupepesa, koma anthu amene ankamwa tiyi modyeramo anali ataimirira kale kudzaonerera. Ndinawawerenga, anali khumi ndi atatu. Pokhota masitepe njinga inapendekeka, siketi inakwera, ndipo mwana wanga analephera kuikoka chifukwa manja onse anali atagwira khosi la mwamuna wake. Mdzukulu anali patsogolo akuwerenga mokweza monga ndinamuphunzitsa. Atafika pamwamba anafuula, "Agogo, 23!" akuyembekeza kuti ndimuyamikira.

Anamunyamula kanayi pa masiku awiriwo. Masitepe 92.

M'chipindamo ndinatulutsa tepi yoyezera imene sichoka m'chikwama changa. Chitseko cha kubafa chinali masentimita 58. Njinga ndi 66. Kutanthauza kuti nthawi iliyonse akafuna kudzithandiza, mwamuna wake amunyamule m'manja ngati khanda, ine ndi mdzukulu titayang'ana kukhoma. Kunyumba kwake munthuyu amasamba yekha, amaphika yekha, amapita kuntchito yekha. Ndiye anangosiya kumwa. Ndinaona: madzulo sanakhudze madzi, m'mawa anamwa theka la kapu ya tiyi, ndipo mwambo unatenga maola anayi m'holo yotentha. Tengani chithunzi chachitatu, chimene wanyamula dipuloma, muyang'ane milomo. Mwina muyesa ndi kuwala kwa kamera. Inali itang'ambika.

Titabwerera, Mzime analemba kalata yodandaula kwa eni hotela, ndipo bungwe lawo la anthu oyenda panjinga linasainanso. Analemba kuti malo ogona alendo ndi a aliyense, kuti munthu sayenera kunyamulidwa ngati katundu pamene walipira ngati wina aliyense, ndiponso kuti mayi ake, mphunzitsi wopuma, anafotokoza zonse pafoni koma wolandira alendo sanasamale. Anandipatsa kuti ndione zolakwika. Ndinakonza mipatuliro iwiri ndi liwu limodzi. Ndime yabodzayo ndinaisiya mmene inalili. Tsiku lomwelo ndi limene ndinakuimbirani foni ija.

Yankho linabwera: mtsikanayo amuimitsa ntchito, ndipo pa 12 Ogasiti adzakhala pansi kuti amuchotseretu. Anapempha umboni ngati ulipo. Loweruka lapitali Mzime anabwera kwathu, anaimitsa njinga pakhomo pa chipinda changa n'kunena kuti, "Amayi, ndibwerekeni kope lija, ndijambule tsamba la mafunso."

Ndinati latayika. Ine, amene ndikusungabe makope a chaka chimene inu munakwatiwa. Iye anayang'ana pa shelefu, pamene makope anga amandanda potsata zaka, anadzikankha n'kulisolola yekha.

Pa nambala 9 panalembedwa njinga ndi mawu awiri aja. Ndinawalemba ndithu usiku wokonza mafunso. Koma m'mawa, ndisanaimbe foni, ndinawafufuta. Osati mothamanga ayi, ndinachita kuika rula, mzere wowongoka bwino.

Anayang'ana tsambalo nthawi yaitali. Wotchi ya pakhoma ndinaimva ikugunda ka 40.

"Ndinadziwa pakauntala paja," anatero. "Mukakhala ndi umboni, inu mumatsegula kope. Ndinangofuna kuti zisakhale choncho."

Ndinati ndinaiwala. Anati, "Ndi rula?"

Kenako anati, "Amayi, zaka zinayi mwakhala mukuuza anthu kuti ndikudwala miyendo, kuti ndikupezako bwino. Sindikudwala. Ndine wolumala. Si mwano, si tsoka loti mubise, ndi mmene ndimalowera pakhomo. Mukabisa liwulo mumabisa ine, ndiye anthu amamanga zitseko za masentimita 58 chifukwa sanamve kuti ndiliko."

Ndinayamba kulira, iye sanandiletse. Atatero anati, "Nenani."

"Ndinene chiyani?"

"Nambala 9. Yonse."

Ndinanena, mawu akutuluka ngati a mwana amene sanaloweze. Iye anati, "Sindinamve, kumbuyo kuno," ndendende mmene ndinkanenera m'kalasi. Ndinabwereza mokweza. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwafa?"

"Ayi."

"Denga lagwa?"

"Ayi."

"Ndiye Lachiwiri mukanene kuhotela. Ine sindipita, masitepe awo ndinawaona. Kalata yanga sindibweza, chifukwa nyumba ya zipinda 40 kukhala ndi chimodzi choti ine n'kulowamo, n'kuchiperekanso kwa makatoni, mlandu umenewo ndi wawo ndithu. Koma mtsikana uja mumuchotse mumlanduwu ndinu, chifukwa munamuikamo ndinu."

Dzana ndinakwera basi yoyamba. Mu ofesi ya manijala munali mipando inayi ndi anthu atatu: manijala, mayi wina woimira eni hotela, ndi mtsikana uja atavala zovala zakunyumba. Anandilandira ngati mboni yolemekezeka, anandiitanitsira tiyi. Ndinakana kukhala. Ndinatsegula kope patebulo, ndinaloza mzere uja, n'kunena kuti mwanayu analemba zimene anamva, wabodza ndine. Manijala anayesa kundithandiza, anati mwina ukalamba, mwina foni inkadukaduka. Ndinati ayi, ndinachita manyazi ndi mwana wanga yemwe, ndipo manyaziwo ndinasenzetsa mwana wa munthu wina.

Anagwirizana kuti abwerere pantchito Lolemba. Mayi woimira eni uja analemba m'buku mwake kuti chipinda nambala 3 chizisungidwira amene anachimangira, ndipo za zitseko zina anati akakambirana. Zimenezo Mzime akuti azitsata yekha mpaka aone mmisiri ndi nyundo.

Panja ndinamupeza mtsikanayo akudikira minibasi. Ndinamupepesa, dzanja nditatambasula. Analiyang'ana kaye.

"Masiku 19, agogo. Mayi anga ankandifunsa tsiku lililonse kuti ndinalakwiranji munthu wamkulu. Ndinayamba kukhulupirira kuti mwina munanenadi, ine ndiye sindinamve."

Anagwira dzanja langa ndi nsonga za zala basi, n'kulisiya.

"Kuyambira Lolemba, aliyense wonena njinga ndizimufunsa kuti njinga yanji," anatero. "Ngakhale akwiye."

Minibasi inabwera, anakwera osacheuka. Sanati wandikhululukira, ndipo sindinalembe m'kope kuti wandikhululukira.

Tsono pempho langa ndi ili, akulu anga. Mwati amayi a kumpingo kwanu anamva nkhaniyi, ndipo ena anati atsikana a masiku ano ndi opanda mutu. Muwawerenge amene analipo tsiku limenelo, ndipo aliyense mumuuze mmene zinalili. Musachepetse pofuna kunditeteza. Mukatero mundilembere kuti anali angati, ndidziwe kuti onse amva.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze azimwa mankhwala pa nthawi yake. Moni kwa ana onse ndi zidzukulu zanu zisanu ndi chimodzi. Apongozi akupereka moni, msana unawapweteka sabata yathunthu koma sanandidandaulire ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zikundiwawa kuposa akanadandaula. Mdzukulu akuti akutha kuwerenga mpaka 200. Mzime sindikudziwa ngati akupereka moni kudzera mwa ine. Chiyambire Loweruka sanabwere, koma dzulo anatumiza uthenga pafoni wofunsa ngati ndinafika bwino, mawu anayi, ndawawerenga kambirimbiri.

Latsala funso lanu lachiwiri. Ndapenda makalata anga onse amene ndinakulemberani chitumizireni mphatso ija, poti ndimasunga makope ake. Ndinakuthokozani kasanu ndi kawiri, ndipo kasanu ndi kawiri konseko ndinangoti njinga. Teyala lakumanzere tinasintha mu Meyi, mabuleki akugwira, khushoni yayamba kutha. Njinga ya olumala imene munatumizira mwana wanga ikuyenda bwino, ndipo mwini wake ndi amene ali pa zithunzizo atavala mkanjo wakuda.

Rula ili apa pambali panga. Sindinaikhudze.

Ndine mng'ono wanu,
amake Mzime